Timabotolo Makumi Atatu, Mkono Umodzi

Sajeni atafika pachipatalapo Lachiwiri m'mawa, anapeza mlandu utaweruzidwa kale. Wolakwa anali atapezeka, kalata yomuneneza italembedwa. Chongotsala chinali wapolisi wodzamunyamula.

"Ndi namwino wathu," anatero a Dokotala, mkulu wa kafukufuku, asanamupatse n'komwe mpando. "Zaka makumi awiri pantchito, imvi mbuu, koma taonani zimene wachita. Kalatayi ikupita ku bungwe la anamwino mawa m'mawa. Sadzagwiranso singano moyo wake wonse."

"Yambirani poyambira, a Dokotala," anatero Sajeni akutsegula kope lake. "Ine za magazi ndimangodziwa ndikadzicheka posenda anyezi."

A Dokotala anafotokoza mofupikitsa. Pachipatalapo ankafufuza magazi a amayi oyembekezera amene ndi onenepa kwambiri. Amayi makumi atatu anavomera. Aliyense anatengedwa magazi, magaziwo anazunguzidwa m'makina mpaka madzi ake atapatukana, ndipo madziwo anathiridwa m'timabotolo n'kusungidwa m'firiji yapadera. Dzulo lake ndi pamene anawayeza.

"Timabotolo makumi atatu, koma zotsatira zafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ndi magazi a munthu mmodzi, Asajeni. Munthu wowonda, komanso wopanda pathupi. Sisita anawononga magazi a amayiwo, n'kudzazamo ake kuti abise."

"Mwaona ndani akudzaza?"

"Makiyi a firiji alipo awiri. Ina amasunga woyang'anira ofesi, koma iyeyo anali patchuthi, amakwatitsa mwana. Inayo ili ndi Sisita. Ndipo mukamuona Sisita, mudzaona nokha kuti iye ndi singano yake sasiyana kuwonda."

Potuluka, Sajeni anapatukira mayi wina amene ankakolopa pakhonde. Kunkatentha moti malata ankalira, koma mayiyo anali atavala juzi ya manja aatali, atatsamira chikolopa ngati ndodo. Sajeni anamupatsa moni. Mayiyo anayankha akuyang'ana m'ndowa.

* * *

Ku labotale anakumana ndi bambo wina wa nkhope yosasekerera, amene onse ankangomutcha Magalasi.

"Magazi amanena bwanji kuti mwini wake ndi wowonda?" anafunsa Sajeni.

"Leputini," anatero Magalasi. "Ndi kamthenga kamene mafuta a m'thupi amatuma ku ubongo kukanena kuti kuno takhuta, lekani kudya. Mafuta akachuluka, amithenga achulukanso. Mayi akakhala ndi pathupi, nsengwa nayo imatuma ake. Ndiye mayi wonenepa woyembekezera, m'magazi mwake mumakhala ngati pamsika Loweruka. Koma umu," anagogoda pepala ndi chala, "muli ngati m'tchalitchi Lolemba."

"Mukufunanso chiyani m'magazimo?"

"Dzimbiri. Mpweya timapumawu umatipatsa moyo, komanso umasiya tizinthu todya thupi monga mvula imadyera lata. Thupi limadziteteza, koma mayi akanenepa kwambiri ali woyembekezera, nthawi zina dzimbirilo limaposa chitetezo. Tikufuna tione ngati ziwirizi zimayendera limodzi. Mwina tsiku lina tidzatha kudziwiratu mayi amene magazi adzamuthamange asanakomoke pakama wochilira. Amayi aja anatambasula mikono chifukwa cha zimenezo."

Anakweza kabotolo kamodzi pawindo. Munali madzi ofiirira.

"Otengedwa bwino amaoneka achikasu, ngati mafuta ophikira. Masabata awiri apitawo, Lachinayi masana, ndinawerenga ndekha bokosi lawo lonse, timabotolo tonse tinali tachikasu. Awa akuoneka ngati madzi otsukira nyama. Wotenga wake anakoka mwankhanza mpaka magazi anasweka."

"A Sisita amatenga chonchi?"

"Zaka khumi ndikulandira magazi awo, sindinaonepo. Ndawauza a Dokotala. Akuti munthu akamadzibaya yekha ndi dzanja limodzi, zimatheka." Anakweza mapewa. "N'zoona, zimatheka."

Firijiyo inali m'kachipinda kapambali, yaitali kuposa munthu. Pakhomo pake panali kapepala kozungulira kamene singano ya inki inkalembapo kuzizira kwake usana ndi usiku. Magalasi anatulutsa ka sabata imene bokosi linadzaza. Mzere unali wosalala, koma unali ndi timapiri tiwiri.

"Apa chitseko chinakhala chotsegula nthawi yaitali. Lachinayi, cha m'ma faifi madzulo. Lachisanu tonse tinali ku maphunziro, kuno kunalibe munthu wa kafukufuku. Ka chiwirika ndi ka Loweruka m'mawa."

"A Dokotala akuti chiyani za ka Loweruka?"

"Sanafikepo. Atangoona kaphiri koyamba, anayamba kulemba kalata."

Sajeni anafuna kugwira shelefu, koma Magalasi anamumenya dzanja ngati mwana wofuna kutola khala.

"Valani magolovesi awa. Iyi si firiji ya kunyumba. Kuzizira kwake kumawotcha, khungu limatsalira pachitsulo."

Sajeni anavala, n'kuweramira mkati. Pakona ya shelefu yapansi, mu ayezi woyera, munali kanthu kakang'ono kopindika. Anakakolopola ndi kiyi ya galimoto, n'kukaika pachikhatho cha golovesi.

Inali nthenga.

* * *

A Sisita anawatsekera m'kachipinda kosungiramo mafayilo. Anakhala mowongoka, manja pamiyendo, chipewa chawo cha unamwino atachiika pambali ngati chinthu chimene abweza kale.

"Ndionetseni mikono, amayi," anatero Sajeni.

Anapinda manja a malaya. Mikono yowonda, yoyera bwino, yopanda kabala.

"A Dokotala akuti ndinadzibaya kuphazi," anatero a Sisita mosakweza mawu. "Ndawafunsa ngati akufuna ndivule nsapato, anena kuti pofika lero papola."

"Lachinayi cha m'ma faifi munali kuti?"

"Panjira, wapansi, ndekha. Loweruka ndimachapa, ndekhanso. Mboni yanga ndi Mmodzi, mwana wanga, koma simungamulembe m'kope."

"Mukuganizira munthu?"

"Ndikuganizira amayi aja. Mayi wonenepa mtsempha wake suoneka, umaufuna ndi chala ngati ukusaka ndalama m'thumba la mpunga. Ambiri anabayidwapo kasanu kwina, n'kunyozedwa pamwamba kuti achepetse kudya. Ine ndinkawalonjeza kuti ndibaya kamodzi, ndipo dontho lililonse ligwira ntchito. Ndinkapempherera aliyense ndisanamange lamba pamkono. Asanu ndi atatu achira kale. Magazi a pathupi pajapo sadzapezekanso." Anayang'ana chipewa chija. "Ntchito atenge. Koma asawauze amayi aja kuti ndinawanamiza."

* * *

Woyang'anira ofesi, amene ankadziwika ndi dzina loti a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi wolendewera palamba wawo, anamulandira Sajeni ndi manja awiri.

"Khalani, mlongo wanga, khalani. Zachisoni, zachisoni kwambiri. Tonsefe ndife dothi. Ine Sisita sindimuweruza, ndikungomupempherera."

"Munali patchuthi?"

"Kuyambira Lachinayi m'mawa mpaka Lamulungu. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo. Anthu mazana anayi anandiona, zithunzi zilipo." Anatembenuza chithunzi cha patebulo kuti Sajeni aone. "Tinavutika, magetsi kwathu anazima masiku atatu, koma Ambuye anatsegula njira. Palibe anachoka ndi njala."

"Timapepala tomata patimabotolo amasindikiza ndani?"

"Ine, pamakina awa. Koma aliyense angalowe, mlongo wanga. Ofesi ino ndi ya tonse."

Sajeni anathokoza n'kutuluka. Nthenga ija inali m'thumba la malaya ake, m'kaenvulopu.

* * *

Pabenchi ya kusikelo panakhala mayi wamkulu thupi, wa pathupi pakutha, akudzikupiza ndi khadi lake. Anzake ankamuitana kuti amake mapasa. Anali mmodzi wa amayi makumi atatu aja, ndipo sanadikire kufunsidwa.

"Ndinu apolisi a nkhani ya a Sisita? Lembani izi. Ine thupi langali, madokotala akandiona amayamba ndi kuusa moyo. Wina anandiuza kuti mwanayo akusambira m'mafuta. A Sisita okha ndi amene anandigwira mkono ngati ndi wa munthu. Anabaya ndisanamalize kuwauza za apongozi anga. Mukawamanga mundimangire pomwepo, koma mubweretse unyolo waukulu."

Amayi a pabenchipo anaseka. Sajeni nayenso anamwetulira, koma maso ake anali pazala za mayiyo. Nsonga zitatu zinali zitasupuka, khungu latsopano likuwala.

"Mwapsa ndi mphika?"

"Mphika? Nkhuku, achemwali. Ukwati wa mwana wa a Makiyi, poti timakhala moyandikana. Anandiika pampando kuti ndizidula nyama. Loweruka m'mawa akubwera nazo okha pagalimoto, matumba anayi, zikufuka utsi woyera. Ndangoigwira imodzi, yandimata zala. Yozizira, koma yowotcha. Mpeni unabenthuka. Tinazinyika m'madzi otentha mpaka akwati akutuluka m'tchalitchi zisanafewe. Ndinawafunsa kuti kodi nkhukuzi mwazigula kumwezi? Anangoseka."

Sajeni analeka kulemba.

"Inunso munadya?"

"Ndiphike ine, adye ena? Ndinadya ziwiri, ina ya mwanayu."

Sajeni sanamuuze kuti nkhukuzo zinagona pamalo a magazi ake. Anatseka kope. Ngati nkhuku zinalowa, bokosi linatuluka. Ndipo Lachisanu, onse ali ku maphunziro, panali munthu mmodzi amene sapita ku maphunziro.

* * *

Mayi wokolopa uja anamupeza kuseri kwa chipatala, pafupi ndi ng'anjo yowotchera zinyalala, atakhala pansi akutsamira khoma. Juzi ija inali itanyowa ndi thukuta.

"Mayi, vulani juziyo. Mukomoka."

"Ndili ndi malungo, bwana. Ndikumva kuzizira."

Sajeni anakhala pansi pambali pake, fumbi ndi yunifolomu yomwe.

"Ine sindinabwere kudzakumangani. Koma m'kachipinda muja muli mayi amene mawa amulanda ntchito ya moyo wake. Anakulakwiranipo?"

Mayi wokolopayo anapukusa mutu.

"Mwana wanga atadwala chibayo, a Sisita anasiya chakudya chawo n'kumuthamangitsira kuwodi."

"Ndiye ndiuzeni za Lachisanu."

Zinatuluka pang'onopang'ono, ngati madzi a pampopi wotsekeka. Lamulo limene anamuphunzitsa tsiku loyamba linali limodzi: chilichonse cha magazi chimene wachipeza pansi pafupi ndi ndowa yachikasu ya zinyalala n'chotaya, osatsegula, osafunsa. Lachisanu m'mawa anapeza bokosi pansi, pambali pa ndowayo, likudontha. Analinyamula n'kukaliponya m'ng'anjo.

"Lolemba lotsatira a Makiyi anandiitana. Anati ndawotcha katundu wa mamiliyoni, ndikafera kundende, ana anga adzakula ndi agalu. Ndinagwada, bwana. Ndiye anati poti iwo ndi munthu wachifundo, pali njira imodzi. Wataya magazi, ubweze magazi."

Anakweza manja a juzi.

Sajeni anaonapo zambiri pantchito yake, koma apa anayang'ana kumbali kaye. Kuyambira m'zigongono mpaka m'manja, mikono yonse iwiri inali ndi mikwingwirima yakuda, yobiriwira, ina yachikasu. Pena panali potupa ngati dzira. Timabala ta singano tinali mbwee, ngati munda umene nkhuku zapalasa.

"Masiku atatu, nthawi ya nkhomaliro, atakiya chitseko. Ankaphonya, n'kuzula, n'kubayanso. Ankati ndisasunthe, ndikuwachedwetsa. Tsiku lachitatu ndinagwa. Nditadzuka anandipatsa kajumbo." Anapukuta mphuno ndi juzi. "Munali mitu ndi mapazi a nkhuku zotsala paukwati. Anati ndikamwe msuzi, magazi abwerere."

"Munamwa?"

"Ana anamwa. Ine pakhosi sipanadutse."

Sajeni anatseka maso kanthawi. Anapempha Mlengi amene anaumba mikono imeneyi kuti amugwire lilime ndi dzanja lomwe, chifukwa zonse ziwiri zinkafuna kuchita zimene lamulo sililola. Kenako anaimirira n'kumudzutsa mayiyo.

* * *

Anawasonkhanitsa mu labotale: a Dokotala, Magalasi, a Sisita ndi a Makiyi. Patebulo anaika kapepala ka timapiri tiwiri, pambali pake nthenga. Kenako anamulowetsa mayi wokolopa, juzi ili m'manja.

Onse anayang'ana mikono ija.

"Nkhuku zingati, a Makiyi?" anafunsa Sajeni.

A Makiyi anayang'ana nthenga, n'kuyang'ana chitseko. Makiyi awo analira palamba.

"Mlongo wanga, tiyeni tikambirane ngati ana a Mulungu. Magetsi anazima. Nyama ya anthu mazana anayi inali itayamba fungo. Ndinangotulutsa kabokosi kamodzi kuti ndikabwezere Loweruka. Amene anawotcha si ine."

"Munakaika pafupi ndi ndowa yachikasu."

"Mwangozi. Ndipo mayiyu ndinamupulumutsa. Ndikanamunenera, bwenzi atachotsedwa ntchito. Kodi anafa? Si uyu waima apa? Magazi ndi magazi, thupi limapanga ena. Ndinamupatsanso ndiwo."

Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta mwamphamvu, ngati pagwera chonyansa.

"Nanga a Sisita?" anafunsa Sajeni.

"Ine sindinatchule dzina lawo. Funsani a Dokotala. Ndinangokhala chete."

"Munangokhala chete, n'kumawapempherera."

"Eya."

Sajeni anawayang'ana nthawi yaitali. Akuba anawazolowera, zidakwa anazizolowera, ndipo ambiri a iwo ankawamvera chisoni. Koma munthu wotchula dzina la Mulungu pakamwa pakunona mafuta a nkhuku, atakama mkono wa wosauka ngati ng'ombe ya eni, ameneyo anamunyansa kotheratu.

"Dzina limenelo lisiyeni lipume," anatero. "Masulani lambayo. Makiyi mupereke kwa a Dokotala, manja mupereke kwa ine."

A Dokotala anali atafiira m'maso. Anatulutsa kalata ija m'thumba la jekete, n'kuing'amba pawiri, kenako panayi. Anatembenukira kwa a Sisita kuti apepese.

"Mudzanena bwino mawa, a Dokotala," anatero a Sisita. "Mukanenere pabenchi paja, amayi aja akumva."

Magalasi anatsokomola. "Asajeni, kukhoti adzafuna umboni woti magazi a m'timabotolowa ndi a mayiyu. Pakufunika kabotolo kamodzi kofananitsira."

Mayi wokolopa atamva zimenezo anabisa mikono kumbuyo, n'kubwerera mpaka kugunda khoma.

"Ayi, bwana. Chonde. Singano ayi."

"Ukakana palibe akukakamize," anatero a Sisita. Anatenga chipewa chawo n'kuchivala, anasamba m'manja, n'kukoka mpando. "Koma ukalola, ndibaya kamodzi. Takhala pansi, mwana wanga, ndione kaye zimene anakuchita."

Mayiyo anakhala. A Sisita anaugwira mkonowo ndi manja awiri, akuutembenuza pang'onopang'ono. Nkhope yawo inakwinyika ngati ya munthu amene wapeza ntchentche m'chakudya cha mwana. Anayendetsa chala pakati pa mikwingwirima mpaka anapeza kamalo kamodzi kamene a Makiyi sanafikepo. Milomo yawo inagwedera mwakachetechete, monga ankachitira ndi amayi onse aja.

"Ulola?"

Mayiyo anagwedeza mutu, n'kutsinzina mwamphamvu, mano atalumana.

"Mwana wako uja wa chibayo ali kalasi yanji tsopano?"

"Sitandade fili. Koma masamu akumuvuta, amangojambula magalimoto m'kope. Aphunzitsi ake akuti..." Anaima, maso ali chitsinzinire. "Bayani basi, a Sisita, ndalimba mtima."

A Sisita anali akumata kale thonje.

"Ndamaliza kalekale, mwana wanga. Tsegula maso."